Pakhomo Pathu: Pepala la Kuchipatala Si Mboni

Tsiku lina titamaliza Swala ya Jumu'ah kuno kwa Msakambewa, bambo wina anatitengera pambali. Mayi a kunyumba kwawo anakayezetsa khomo la chiberekero ndipo anawapeza ndi kachirombo ka HPV. Akhala m'banja zaka 18, ndipo bamboyo akulumbira kuti sanayendepo kunja. Tsono amafuna kupereka talaka.

Tinawapempha kuti ayambe aleza mtima. Inde, kachiromboka kamafala pogonana, ndipo mwa anthu 10 okatenga, pafupifupi 9 chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa pasanathe zaka ziwiri. Koma si nthawi zonse pamene kamatheratu. Kena kamangobisala m'khungu la m'kati ngati khala la moto lokwiririka ndi phulusa, asilikali a m'thupi akukalondera. Chitetezo chikafooka ndi ukalamba kapena HIV, kamadzuka. Choncho ngakhale dokotala sanganene kuti kanalowa chaka chiti, kapena kanabwera ndi ndani. Mwinanso kanabwera ndi bambowo ali mnyamata!

Surat An-Nur imafuna mboni zinayi pa mlandu wa chigololo. Mwamuna wopanda mboni amalumbira kanayi, kachisanu n'kudziitanira temberero la Allah ngati akunama. Ndani angalumbire choncho atangogwira pepala?

Chofunika n'kuwaperekeza mayiwo kukalandira chithandizo msanga, chifukwa khansa imatenga zaka zambiri kuti iyambe. Atsikana athu a ku madrasa nawo asaphonye katemera amene boma linayamba kupereka m'chaka cha 2019. Bambowo anavomera kuti Lolemba apita nawo kuchipatala, insha Allah.