Mdani wa thabwa safika pa bwato, ali m'nkhokwe

Kumaiko a m'mphepete mwa nyanja za mchere kuli kachilombo komwe kamasowetsa mtendere eni madoko. Akatswiri amakatcha Teredo navalis. Kamaoneka ngati nyongolotsi koma ndi ka mtundu wa nkhono, ndipo kamaboola thabwa m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. M'zaka za m'ma 1730 kanadya mizati yotchinga madzi ku Netherlands, ndipo pakati pa 1919 ndi 1921 kanagwetsa madoko a matabwa ku San Francisco. Kamafala ndi sitima zapamadzi.

Msodzi wa ku Bandawe m'boma la Nkhata Bay asade nako nkhawa. Kachilomboka kamafuna madzi amchere, pomwe a m'nyanja ya Malawi alibe mchere, choncho bwato lake ndi lotetezeka.

Koma mlendo wina woboola mitengo analowa kale, ndipo anadzera pamtunda. Uyu ndi nankafumbwe wamkulu, yemwe kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Anaoneka ku Tabora m'dziko la Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Ambiri amamudziwa ngati mdani wa chimanga basi. Apa mpomwe anthu a ku Bandawe, Chintheche ndi Kande, omwe nsima yawo ndi kondowole, akhoza kugona tulo tabodza. Nankafumbweyu amakonda makaka, ndipo chinangwa chouma amachisandutsa fumbi m'miyezi yochepa.

Chovuta n'chakuti mwachibadwa iye ndi woboola mitengo. Chakudya chikatha amabisala m'mizati ya nkhokwe ndi m'matabwa a m'chipinda chosungira, kudikira zokolola zatsopano. Banja likathira mankhwala m'thumba koma n'kusiya mizati yakale yobooka, langotaya ndalama. Alangizi a zaulimi amati malo osungira ayeretsedwe, mitengo yogwidwa ichotsedwe, ndipo matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amathandiza ngati zokolola zauma bwino.

Chaka cha njala monga 2024, pomwe chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23, matumba a chimanga amayenda mtunda wautali kuchoka msika uno kupita wina. Kachilomboka kamakwera galimoto yomweyo. Wogula pa msika wa Chintheche ayambe wapisa dzanja pansi pa thumba: akapeza ufa wambiri pomwe chimanga sichinapite kuchigayo, thumbalo lisalowe m'nyumba.