Botolo la mizu silibweza ngongole ya katapira

M'chaka cha 1995, malole ndi mabasi ankakhamukira kumudzi wa Chikamana, kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga. Anthu pafupifupi 300,000 anakamwako mchape wa Billy Goodson Chisupe, madzi a makungwa a mtengo umene iye ankati anaulota kuti umachiza Edzi. Chisupe sankalipiritsa, koma maliro sanachepe. Anthu amenewo sitingawaseke, poti ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Mu 1995 chipatala chinalibe choti n'kuwapatsa, ndipo mantha anali atawafika pakhosi.

Masiku ano mankhwala otere anasanduka malonda, ndipo chinenero chinasintha. M'misika ya Liwonde, Ntaja ndi Balaka mumamveka zimkuzamawu zotsatsa mabotolo a zitsamba amene ati amachotsa maganizo ndi kuchulukitsa asilikali a m'thupi. Mbali ina ogulitsawa akunena zoona, ndipo mpake kuti anthu amawakhulupirira.

Nkhawa imafooketsadi chitetezo cha m'thupi. Munthu akapanikizika, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa cortisol, amene amathandiza thupi kulimbana ndi zadzidzidzi. Koma nkhawa ikakhala ya miyezi, asilikali a m'thupi amayamba kugwira ntchito mwaulesi. Mu 1991, Sheldon Cohen ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atadonthezera tizilombo ta chimfine m'mphuno mwa anthu 394 odzipereka: amene anali ndi nkhawa zambiri ndiwo anadwala kwambiri. Mu 1995, ku America, Janice Kiecolt-Glaser anapeza kuti tizilonda ta amayi osamalira achibale odwala matenda oiwalaiwala tinkachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9 poyerekeza ndi ta anzawo. Mayi aliyense amene anadwazikapo matenda a mgonagona sangadabwe nazo.

Pamene pavuta m'pakuti, kodi botolo lija limachiza zimenezi? Chitsamba cha ku India chotchedwa ashwagandha chinaonetsa kuti chimatsitsako cortisol, koma ofufuza ambiri anachiyesa pa anthu ochepa komanso kwa milungu yowerengeka. Dziko la Denmark linachiletsa mu 2023 poopa kuti chingavulaze anthu. Chitsamba china, St John's wort, chimene azungu amamwa akakhumudwa, chinapezeka mu 2000 kuti chimachepetsa mphamvu ya mankhwala ena a HIV m'magazi. Ngati zitsamba zodziwika dzina ndi mlingo zikutero, nanga botolo lakale la zakumwa lopanda chizindikiro, loti wosakanizayo yekha ndiye akudziwa zimene anathiramo?

Zomera zathu sindikuzinyoza. Chammwamba chimene chimamera m'mipanda yathu chili ndi ayironi ndi vitamini A, ndipo malambe amene ali mbwee ku Balaka ali ndi vitamini C wambiri. Thupi lodya bwino limadziteteza bwino. Tizidya chammwamba ngati ndiwo, malambe ngati chakumwa, osati kuziyesa zolowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Komanso tifunse chimene chikusowetsa anthu tulo. Namondwe Freddy anakokolola minda mu Marichi 2023. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Onjezani mtengo wa feteleza, fizi ya ana ndi katapira amene akuswana mwezi ndi mwezi. Bambo wogona akuwerengera zimenezi akapereka ndalama ya ufa kugula botolo, m'mawa mwake nkhawa ija imadzuka itanenepa.

Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti ambiri amapepukidwa. Agogo otere tili nawo m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a banki mkhonde, chongofunika n'kuwaphunzitsa.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ngati tulo takusowani kwa milungu, chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala mukafotokoze. Ngati muli pa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, tengani botolo lanulo mukawaonetse adokotala musanamwe.