PAKHOMO PA GALAJA: Thirakitala ikakana kulira m'mawa musathamangire kuphwasula injini

Ena muyamba kale kufunsa kuti kodi nkhani ya thirakitala ikutikhudza chiyani ife ogulitsa tomato? Ikukukhudzani, amangwetu. Kachewere ndi kabichi amene mumapikula pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa mphambano ya ku Tsangano safika pamsewu ndi miyendo yake. Wina amatsika pangolo, wina pamatola, wina pathirakitala yakale. Komanso alipo ena mwa inu amene munasonkherana ndalama n'kugula thirakitala yoti izigwira maganyu. Ikakana kulira 5 koloko m'mawa mu Juni kapena Julaye, lole ya m'tauni imakusiyani, tomato n'kumafewa m'madengu, ngongole ikukudikirani.

Choipa china n'chakuti makaniko wina akangofika amati "injini yatha iyi bwana, tiphwasule." Dikirani kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri matenda amakhala aang'ono, ndipo mwini wake angawapeze ndi khutu ndi maso.

Choyamba timvetsetsane. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri, kenaka nozo imapopera dizilo mu mpweya wotenthawo, moto n'kuyaka wokha. Usiku wa ku Dedza, pamene kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, chitsulo chimazizira ndipo chimaba kutenthako. Ndiye kuti injini ilire pamafunika zitatu: izungulire mwaliwiro, dizilo afike, ndipo m'kati mutenthe mokwanira. Chimodzi chikasowa, basi, mukhala pomwepo.

Titenge chitsanzo cha Massey Ferguson 135, imene inkapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1964 mpaka 1975, yokhala ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu. Zambiri zimene ndinene pano zigwiranso pa 165 ndi anzake.

Yambani ndi zaulere. Kodi kachingwe kozimitsira injini kabwezeredwa m'kati? Kakatsala kokokedwa, dizilo sapita. Kodi giya yaifupi ija ili pa S? Ikapanda kukhala pamenepo sitata siyankha n'komwe. Musaseke, anthu alipirapo makaniko pa zimenezi.

Kenaka tcherani khutu. Ngati injini ikuzungulira mwaulesi ngati munthu wodzuka ndi matsire, vuto lili ku magetsi kapena ku oyilo. Batire yodzadza imaonetsa mavoti 12.6, ndipo pamene mukuliza isatsike pansi pa 9.6. Koma musagule batire msanga. Onani mitu yake ngati yachita zoyera ngati ufa, onaninso waya wopita ku chitsulo cha thirakitala. Mukaliza pang'ono, gwirani mawaya: pamene patentha ndi pamene pali vuto. Kupala ndi kumanga bwino kumachiritsa mathirakitala ambiri. Oyilo nayenso amalimba kukazizira. Wa SAE 40 m'mawa amakhala ngati uchi, pamene 15W-40 amalola injini kuzungulira mopepuka.

Ngati ikuzungulira bwino koma osalira, yang'anani ku ekizozi, chifukwa utsi sunama.

Palibe utsi? Ndiye kuti dizilo sakufika. Onani thanki, onani kampopi kake, onani kambale kagalasi ngati pansi pake pali madzi kapena matope. Dizilo wa m'zigubu wogula pamsewu uja nthawi zina amabwera ndi madzi ndi palafini, ndipo amene amalipira ndi fyuluta ndi pampu. Mdani wina ndi mpweya wolowa m'mapaipi. Kampata kakang'ono, koti dizilo sadontha n'komwe, kamakoka mpweya usiku wonse, dizilo n'kubwerera m'mbuyo. Chizindikiro chake n'chakuti masana imalira kamodzi, koma ikagona imavuta. Yesani izi: musanalize, popani ndi kamkono ka pa pampu yaing'ono ya m'mbali mwa injini, mumasule kabawuti ka pamwamba pa fyuluta. Mukaona thovu, mwamupeza. Popani mpaka dizilo atuluke woyera wopanda thovu, muchitenso chimodzimodzi pa pampu yaikulu, kenaka mufufuze paipi kapena washa yotha. Kupopa tsiku ndi tsiku si kuchiza ayi.

Utsi woyera wonunkha dizilo? Pamenepo dizilo akufika koma sakuyaka, kutentha kwachepa. Woyamba kumufunsa ndi chotenthetsera. Ma Perkins akalewa alibe mahita pa silinda iliyonse ngati magalimoto ena. Ali ndi kachipangizo kamodzi kotchedwa Thermostart, komangidwa pa paipi yolowetsa mpweya. Mukapotoza kiyi pa malo otenthetsera, kawaya kake kamafiira, dizilo pang'ono amadonthera pamenepo n'kuyaka, ndipo injini imakoka mpweya wofunda. Gwirani kiyi masekondi 15 kapena 20, kenaka ikani dzanja pa paipiyo. Ngati yafunda, kali moyo. Ngati ili zii, mwina kapsa, mwina waya waduka, mwina dizilo sakufikako. Kachipangizo kameneka mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi wa maring'i ndi mapisitoni.

Utsi wakuda, injini ikutsokomola? Ikubanika. Tsegulani sefa ya mpweya. Ya m'mbale ya oyilo ija imadzadza matope m'nyengo ya fumbi, ndipo ambiri amaiiwala chaka chonse.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene tiyambe kukamba za m'kati. Makaniko ayeze kaye mpata wa mavavu, umene pa injini imeneyi ikazizira umakhala mamilimita 0.30. Vavu yothina siitseka bwino ndipo mpweya umathawa. Achotse manozo akayezedwe pa makina, chifukwa nozo yotha imathira dizilo ngati mpopi m'malo mopopera ngati nkhungu. Pomaliza ayeze kompuleshoni ndi geji, inu mukuona, ndipo akuuzeni manambala a silinda iliyonse. Ngati kapaipi kopumira injini kakufuka kwambiri, oyilo akutha msanga, ndipo geji ikuvomereza, pamenepo inde, injini yatopa. Koma wokuuzani kuti yatha asanaike geji akuyeza thumba lanu, osati injini.

Tsono mawu kwa madalaivala. Sitata musaigwire kupitirira masekondi 15, ipumitseni kaye musanayesenso, apo ayi muiotcha. Mankhwala opopera aja a m'chitini amalizadi injini, koma amaphulika mwaukali, amathyola maring'i, ndipo akakumana ndi Thermostart yofiira moto ungakubwerereni kumaso. Chisanza choyaka pakamwa pa injini nacho ayi: phulusa limalowa m'masilinda, ndipo pambali pali dizilo. Ndipo zija zolumikiza sitata ndi sipanala mutaima pansi kutsogolo kwa tayala lalikulu, lekani. Thirakitala ikakhala m'giya imanyamuka pomwepo, ndipo amene ali panjira yake ndi inuyo. Kuigoneka pamtsetse kuti m'mawa muigubuduze n'kubisa matenda, ndipo tsiku lina ngolo yodzadza idzakukankhirani kuphompho.

Chothandiza n'chosavuta. Igonekeni m'shedi kapena muifunditse lona, mudzadze thanki madzulo kuti m'kati musachite mame, ndipo fyuluta muisinthe chisanu chisanayambe.

Inu amayi ndi abambo obwereka thirakitala, musanapereke ya chikole funsani mwini wake kuti m'mawa imalira yokha kapena mpaka anyamata akankhe. Ngati n'kotheka kaioneni ikulira isanafunde, chifukwa masana ngakhale yodwala imaoneka yamphamvu. Paja safunsa adadya phula.

Tionana sabata yamawa. Geni ikuyendereni.