Ndemanga: Kodi mphunzitsi wa mpira timamuyeza ndi chiyani?

Ndemanga ya lero ikukhudza munthu amene sagunda mpira ngakhale kamodzi m'mphindi zonse 90, koma timu ikagonja ndiye woyamba kulozedwa chala. Tikunena mphunzitsi. Kumapeto a sabata iliyonse, kaya ndi ku Kamuzu Stadium, kaya ku Bingu, kaya m'nyumba zoonetsera mpira wa ku England momwe anthu amadzaza mpaka pakhomo, mlandu wa mphunzitsi suchedwa kuzengedwa. Timu ikapambana, kochi ndi dolo. Ikagonja kawiri motsatizana, achoke basi.

Tisanagamule chomwecho, timve kaye nkhani ya a Claudio Ranieri a ku Italy.

Mu November 2014 a Ranieri ankaphunzitsa timu ya dziko la Greece, yomwe inatenga chikho cha ku Ulaya mu 2004. Timuyo inagonja 1-0 pakhomo pake kwa anyamata a ku zilumba za Faroe, kadziko komwe anthu ake ndi ochepa kuposa okhala mumzinda wa Zomba. Mawa lake a Ranieri ntchito inawathera. Ndiye pamene Leicester City inawalemba ntchito mu July 2015, ambiri ku England anangopukusa mutu. Timuyo inali itangopulumuka mwamwayi kutuluka mu ligi, ndipo a makampani a beti ankalonjeza mapaundi 5,000 kwa aliyense woikapo paundi imodzi kuti Leicester itenga ligi. Mu May 2016 inaitengadi. Inamaliza ndi mapointi 81, kuisiya Arsenal ndi mapointi 10, itagonja katatu kokha pa masewero 38. Mu January 2017 bungwe la FIFA linapatsa a Ranieri mphoto ya mphunzitsi woposa onse padziko lapansi. Pa 23 February chaka chomwecho anachotsedwa ntchito, timu ili pa nambala 17, itatsala pointi imodzi kuti igwere m'gulu la matimu otuluka.

M'zaka zosakwana zitatu, munthu yemweyo anatchedwa wolephera, kenako katswiri wa akatswiri, kenako wolepheranso. Koma nzeru za bambo wa zaka zoposa 60, amene wakalambira pa ntchito ya mpira, sizizima ndi kuyaka ngati magetsi athuwa. Ngati munthuyo sanasinthe, ndiye kuti chinasintha ndi china.

Ndipo chinacho sichobisika. Pakati pa bwalo pa Leicester ya 2016 panali kamnyamata ka ku France, N'Golo Kanté, kamene kankalanda mpira ngati anthu awiri. Ligi itangotha Chelsea inamugula, ndipo chaka chotsatira Chelsea yomweyo ndiyo inatenga ligi. Munthu amene ankatsogolera ntchito yosaka osewera, a Steve Walsh, nawonso anachoka kupita ku Everton. Jamie Vardy, amene anachinya zigoli 24 chaka cha chikho, a Ranieri anamupeza ali kale m'timu, atagulidwa ku katimu ka Fleetwood Town mu 2012. Riyad Mahrez anamupezanso. Ndipo timu yomwe analandira inali itayamba kale kutentha: pansi pa mphunzitsi wakale a Nigel Pearson inapambana masewero 7 mwa 9 omaliza a ligi ya m'mbuyo mwake. Onjezerani kuti chaka chimenecho Chelsea, Manchester United ndi Liverpool onse anali akutsimphina, komanso Leicester inalibe mipikisano ya ku Ulaya yoitopetsa mkati mwa sabata.

Kodi tikutanthauza kuti a Ranieri anangodya zophikaphika? Ayi ndithu. Ku Chelsea, komwe anaphunzitsa kuyambira 2000 mpaka 2004, ankadziwika ndi kusinthasintha osewera sabata iliyonse. Ku Leicester anadzigwira. Anaona kuti ali ndi anyamata aliwiro kutsogolo ndi otchinga amphamvu koma olemera miyendo, ndiye anawauza kuti asalimbane ndi kusunga mpira, abwerere kumbuyo, adikire, akalanda aponye msanga kutsogolo. Pafupifupi anyamata omwewo ankayamba masewero sabata ndi sabata. Kuzindikira chimene uli nacho m'manja n'kusachiwononga, limenelo ndi luso, ngakhale silionekera pa kanema.

Atachoka a Ranieri, wachiwiri wawo a Craig Shakespeare anapambana masewero asanu oyamba a ligi, kuyambira ndi kuithibula Liverpool 3-1. Masapota anati mwaona, vuto linali mdala uja. Pofika October 2017 a Shakespeare nawonso anali atachotsedwa. Apa pali msampha womwe akuluakulu a matimu amakodwamo chaka ndi chaka. Mphunzitsi amachotsedwa pamene timu yafika pansi penipeni, osewera ena ali ovulala, mwayi utathawa, masewero ovuta atatsatizana. Timu yotere kawirikawiri imadzuka ndithu, kaya mwasintha mphunzitsi kaya simunasinthe, chifukwa tsoka silikhala mpaka kalekale. Koma poti kudzukako kwachitika mlendo atangofika, ulemu wonse umapita kwa iye, ndipo amene anachotsa mnzakeyo amadziguguda pachifuwa.

Palinso nkhani ya ndalama, imene okonda mpira safuna kuimva. Katswiri wa zachuma Stefan Szymanski, amene analemba buku la Soccernomics pamodzi ndi mtolankhani Simon Kuper, anaunika mabuku a ndalama a matimu a ku England a zaka zambiri. Anapeza kuti ukaphatikiza zaka zonsezo, malipiro a osewera okha amafotokoza pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a kusiyana kwa malo omwe matimu amathera mu ligi. Timu yolipira bwino imakopa osewera abwino, ndipo osewera abwino ndiwo amapambana. Gawo lotsalira mphunzitsi lilipo, koma ndi laling'ono kuposa phokoso limene timachita pa iye.

Anzathu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chawo. A Hervé Renard anatenga chikho cha Africa ndi Chipolopolo mu 2012 ku Libreville, atagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7. Mu 2015 anachitenganso, ulendo uno ali ndi Ivory Coast yomweyo. Mu 2022 anatsogolera Saudi Arabia kugonjetsa Argentina 2-1 pa mpikisano wa dziko lonse. Koma kwawo ku France, Sochaux inatuluka mu ligi mu 2014 iwo ali pampando, ndipo ku Lille mu 2015 sanathe ngakhale theka la ligi. Kukonzekeretsa gulu la anyamata pa mpikisano wa mwezi umodzi ndi ntchito ina, kuyendetsa timu miyezi 10 ndi inanso. Ndiye pofunsa kuti mphunzitsi uyu ndi wabwino kapena ayi, tizionjezera kuti wabwino pa ntchito iti, ndi osewera ati.

Tibwere kwathu kuno. Amene anatengera Flames ku mpikisano wa Africa wa ku Cameroon ndi a Meke Mwase, titagonjetsa Uganda 1-0 mu March 2021. Mpikisano utayandikira, bungwe la FAM linaika a Mario Marinica a ku Romania patsogolo. A Marinica atapezeka ndi Covid-19, a Mwase ndiwo anakhala pabenchi pamene tinagonja 1-0 kwa Guinea ndi pamene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango. A Marinica anabwerera pa masewero omwe tinafanana mphamvu ndi Senegal, ndi omwe Morocco inatitulutsa 2-1 mu ndime ya matimu 16, ndime yomwe tinali tisanafikepo. Mpaka lero anthu amakanganabe kuti ulemuwo ndi wa yani. Mkangano umenewo ndiwo umboni woti zigoli pazokha sizingatiuze ntchito ya mphunzitsi.

Aphunzitsi olephera alipo, tisanamizane, ndipo ena amakhalitsa pampando chifukwa chodziwana ndi mabwana. Koma kulephera kwawo kumaonekera kwina. Mnyamata amene anabwera ndi luso amatha zaka ziwiri osawonjezerapo kanthu. Timu imasewera miyezi isanu ndi umodzi koma simungathe kufotokoza chimene ikufuna kuchita ikakhala ndi mpira. Zigoli zimalowa mwa njira yomweyomweyo sabata iliyonse, pa kona kapena m'mphindi zomaliza, osakonzedwa. Zinthu zikavuta chigawo choyamba, anyamata amabwerera kuchokera kopuma opanda chatsopano. Zimenezi munthu amaziona ngakhale tsiku limene timu yapambana. Ndipo mphunzitsi wa katimu kopanda wokathandiza, kamene anyamata ake amakhala tsiku lathunthu pamsewu kuchokera ku Chitipa kukasewera ku Blantyre, akamaliza pakati pa ligi angakhale atagwira ntchito yaikulu kuposa mnzake wa timu yolemera amene wamaliza pa nambala yachiwiri.

Pempho lathu likupita kwa akuluakulu oyendetsa matimu ndi a FAM. Polemba mphunzitsi ntchito, lembani papepala chimene mukuyembekezera kwa iye, molingana ndi ndalama, osewera ndi bwalo lochitira zokonzekera limene mwamupatsa, ndipo mum'patse nthawi yoti ntchitoyo ioneke. Tsiku lomuchotsa likafika, tiuzeninso poyera amene anamusankha, amene anagula osewera, komanso ngati anyamatawo analandira malipiro awo m'nthawi yake. Ndipo inu masapota, musanaimbe nyimbo yoti kochi achoke, mafunso omwewa muwafunse kwa akuluakulu a timu yanu.