Nyumba ya agogo imangidwe pati?

Amayi anzanga, sabata ino ndafuna kuti tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaisiyira abambo ndi amisiri, poganiza kuti za njerwa ndi malata si zathu. Komatu nyumba ikatha, amisiri amalandira ndalama zawo napita, abambo amabwerera ku Joni kapena ku Mzuzu, ndipo otsala ndi nkhalamba pakhomopo ndife. Nyumba ikamangidwa molakwika, msana umene umapweteka ponyamula apongozi ndi wathu.

Aliyense wotsika ndi msewu wochokera ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay, akafika pa Mpamba amadzionera yekha nyumba zamakono, za malata a utoto, mawindo aakulu ndi mpanda wa njerwa wotalika kuposa munthu. Zina mwa izo zamangidwa ndi ndalama za ana athu amene ali ku South Africa, ndipo mwana akamatumiza ndalamazo amati akumangira mayi ake. Mwana wotere ngwoyenera kumuthokoza ndithu.

Koma mwezi wathawu ndinakacheza kwa mayi wina wachikulire, mnzawo wa malemu mayi anga. Mwana wawo anawamangira nyumba ya zipinda zinayi pamtunda, ya masitepe asanu ndi awiri, pansi pake matailosi oterera ngati galasi. Ndinawapeza kuseri, m'kakhitchini ka udzu, atayala mphasa pafupi ndi moto. M'nyumba yaikuluyo amalowamo pokagona pokha, ndipo pa masitepe amachita chokwawa. Nditawafunsa za mawondo anaseka, nati chowawawa kwenikweni ndi mpanda. "Mwana wanga, kale ndinkaona aliyense wopita kuchitsime, nkumapatsana moni. Lero ndimangomva mawu awo akudutsa."

Nkhaniyi siikhudza khomo limodzi ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi asanu ndi a zaka 60 kapena kuposerapo. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yosamalira okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza. Ku Lilongwe bungwe la Mai Mbambande, limene anayambitsa mayi Deborah Mbale, lili ndi nyumba yosungiramo nkhalamba zosowa pogwira. Tsono musadabwe tsiku lina mpingo kapena anthu akufuna kwabwino atafika kwa amfumu kuno kudzapempha malo omangapo nyumba yotere. Tsiku limenelo amayi tisadzakhale kumbuyo chete, nkumangoombera m'manja.

Ife a m'boma la Nkhata Bay nyumba zoterezi tinazimva kalekale kudzera mwa abale athu amene anachona. Azigogo athu ambiri anapita ku migodi ndi ku mafamu a ku Zimbabwe, Zambia ndi South Africa, ena osabwerako. Atakalamba, mphamvu zitatha, ena anakathera m'nyumba za okalamba monga ya Society for the Destitute Aged ku Highfield mumzinda wa Harare, ya Bumhudzo ku Chitungwiza ndi ya Entembeni ku Bulawayo. Ku Zambia kuli ya Maramba ku Livingstone ndi ya Matero ku Lusaka. M'nyumba za ku Zimbabwe, ambiri okhalamo ankakhala amuna ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Nsima ankadya, bulangete anali nalo, koma wodzawazonda panalibe. Nchifukwa chake kwathu kuno nyumba ya okalamba timaiona ngati ya munthu wopanda mbale, ndipo timachita nayo manyazi. Komabe tisadzinamize. Matenda a Edzi, makamaka m'zaka za m'ma 1990, anatenga ana ambiri amene akanasamala makolo awo, ndipo otsalawo ali kutali kukafuna ndalama. Nkhalamba zokhala zokha zilipo m'midzi mwathu momwemuno.

Chimene ndikuopa ine ndi malo. Malo apafupi ndi msika ndi odula ndiponso ali ndi eni ake, choncho omanga amakonda kuthawira kumapeto a mudzi, kuseri kwa minda ya chinangwa, amvekere kumeneko nkwa phee, agogo akapumula bwino. Nafenso pakhomo timachita chimodzimodzi: nyumba yatsopano kutsogolo, kanyumba ka agogo kumbuyo pafupi ndi dzala. Munthu amene saonekaoneka sachedwa kusanduka mlendo m'mudzi mwake momwe, ndipo mwana akadwala mwadzidzidzi kapena mphezi ikagwa, chala chimaloza kwa iye. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa mwankhanza poziganizira kuti ndizo zinatumiza mphezi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma apolisi ali kutali ndipo usiku ndi wautali. Chotchinjiriza agogo ndi maso a anansi amene amawaona tsiku ndi tsiku, amadya nawo, ndipo amadziwa kuti chitseko chikapanda kutsekulidwa dzuwa litakwera, kuli kanthu.

Maiko olemera anayamba ndi kumanga nyumba za okalamba kwaokha, lero akubwerera m'mbuyo. Ku Singapore, mu 2018, anatsegulira nyumba yosanja yotchedwa Kampung Admiralty. Mawu oti kampung m'chinenero cha Chimalay amatanthauza mudzi. Pamwamba pali nyumba zing'onozing'ono za okalamba pafupifupi 100, ndipo m'chimango chomwecho muli chipatala, malo ogulitsira zakudya zophikaphika ndi sukulu ya mkaka, pafupi penipeni ndi siteshoni ya sitima. Chaka chomwecho inalandira mphotho ya nyumba yopambana pa dziko lonse. Ku Deventer, m'dziko la Netherlands, nyumba ya okalamba ya Humanitas inayamba kupatsa ophunzira a ku yunivesite zipinda zaulere, malipiro ake nkukhala kucheza ndi nkhalamba maola 30 pa mwezi. Ine nditamva zimenezi ndinakumbukira kuka, nyumba ya agogo imene inkakhala pakati pa mudzi, m'mene atsikana ankagona, kumva nthano ndi kulandira malangizo. Anzathuwo alipira ndalama zankhaninkhani kuti apeze chimene ife tikuchigwetsa ndi manja athu.

Sindikunena kuti kukhala pakati pa anthu kulibe zovuta zake. Ana amasokosa pamene agogo akufuna kugona masana, ndipo mnansi amene ali pafupi ndiye amadzutsidwa usiku. Nyumba ya nkhalamba zambiri ikabwera pamalo, mzere wa pamjigo umatalika, maliro amachuluka, ndipo amayi a mpingo ndiwo amasenza ntchito yophika ndi kuchapa. Izi nzofunika kuzikambirana poyera maziko asanakumbidwe, kuti mawa pasadzakhale kung'ung'udza. Koma phindu liliponso. Mayi wopita kudambo kukavuula chinangwa amakhala ndi pomusiya mwana, ndipo khomo limene pali agogo pakhonde mbava zimaliopa masana.

Ngati nyumba yotere idzamangidwa pa Mpamba, ikhale poti munthu wa ndodo angathe kufika yekha ku chipatala, ku tchalitchi ndi ku msika, koma isayandikire kwambiri phula pamene galimoto zimathamanga, kapena malo omwera mowa. Isakhale chinyumba chimodzi chachitali chonga wodi ya kuchipatala. Zikhale nyumba zing'onozing'ono zoyang'anana, pakati bwalo ndi mtengo wa mango, mpanda wake wamfupi woti munthu atakhala pansi aziona odutsa.

Pakhomo panu, nazi zimene mungaumirire kwa mmisiri ngakhale akuyang'aneni ndi diso lakuti mayi akudziwa chiyani. Kuno kwathu nkwa mapiri ndiponso mvula imagwa yambiri, choncho amisiri amakweza maziko. Pamenepo pemphani kuti mbali imodzi pakhale njira yotsetsereka pang'onopang'ono m'malo mwa masitepe: pa kukwera kwa phazi limodzi, kutalika kwake kukhale mapazi 12, ndipo m'mbali mukhale chogwirira. Khomo likhale lotambalala masentimita 90, kuti njinga ya olumala kapena anthu awiri ogwirizira wodwala athe kudutsa. Pansi pakhale simenti yokhakhala. Tikudziwa kuti ulemu wa mayi timauonera pa simenti yonyezimira ndi polishi, koma nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri siidzukanso pamphasa.

Chimbudzi ndicho chimene timachiiwala kwambiri. Chikhale pafupi, njira yake yosalazidwa bwino ndi yothiridwa miyala kuti isaterere nthawi ya dzinja, ndipo mkati mukhale pokhalira pokwera ndi mtengo wolimba wogwirira, pakuti mawondo a zaka 80 sangathe kunjuta. Kanyale ka sola kapachikidwe pakhomo. Kudenga muikeko mphasa kapena nsungwi kuti malata asawaotche mwezi wa Okutobala. Musawalande moto wawo: kakhitchini kawo kakhale pafupi, kotulutsa utsi bwino, kuti tsiku limene afuna kudziphikira kondowole ndi usipa asachite kupempha kwa mpongozi.

Mwana wanu wa ku Joni mumutumizire chithunzi pa foni zingwe za maziko zikangokokedwa, khoma lisanakwere, ndipo agogowo muwatengere pamalopo kuti aloze okha kumene khonde liyang'ane. Kwa mayi aja ndinakawachezera, mpongozi wawo anachita kulimbana ndi mwamuna wake pa foni milungu itatu asanalole kuti mmisiri aboole mpanda ndi kuikapo kachitseko kumbali ya njira ya kuchitsime. Masitepe aja akadali asanu ndi awiri, ndipo akuti za iwo adzaona akadzabwera pa Khirisimasi.