Tsiku lomwe Ajeremani amaseka ndi kulira

Tsiku lina madzulo mwana wa mchemwali wanga, yemwe akukonzekera mayeso a Fomu 4, anandipeza pakhonde nkhope ili yakugwa. "Amalume," iye anatero, "Histole imeneyi ikundizunguza mutu. Madeti achulukitsa. Ndikaloweza lero, mawa auluka."

Ndinamuuza kuti akoke kampando. Ndinati, "Mphwanga, gwira tsiku limodzi lokha, 9 Novembala, ndipo ukhala utanyamula m'thumba mbiri ya dziko la Germany ya zaka zoposa 70." Zomwe ndinamuuza mnyamatayo ndati ndikugawireniko inunso, chifukwa nkhaniyi si ya ana asukulu okha ayi.

Tiyambe ndi 1918. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itawafika pakhosi Ajeremani. Ndi nkhondo yomwe ija inamveka mpaka ku Karonga mu 1914, yomwe inatha agogo athu ambiri m'tchire atasenza katundu wa asilikali pa thangata ya mtengatenga. Ku Germany kwenikweniko njala inali itabvuta, ndipo asilikali a pamadzi ku Kiel anali atagalukira akuluakulu awo. Pa 9 Novembala nduna yaikulu, Max von Baden, inangolengeza kuti mfumu Wilhelm II yatula pansi udindo, mwini wakeyo asanabvomere n'komwe. Masana omwewo Philipp Scheidemann anaima pa nyumba ya malamulo ku Berlin n'kuuza khamu la anthu kuti ufumu watha, dziko tsopano ndi lipabuliki. Patangopita maola awiri, Karl Liebknecht nayenso analengeza lipabuliki yakeyake ya sosholizimu ali ku nyumba yachifumu. Tangoganizani, tsiku limodzi, mzinda umodzi, malipabuliki awiri! M'mawa mwake mfumu ija inathawira ku Netherlands, komwe inakakalambira ikudula mitengo mpaka kumwalira mu 1941. Pa 11 Novembala mfuti zinaleka kulira.

Demokalase inabadwa, koma inabadwira m'nyumba ya ngongole. Pangano la ku Versailles la 1919 linalamula Germany kulipira zomwe zinaonongeka pa nkhondo, ndipo pofika 1923 boma linkasindikiza ndalama ngati timapepala ta msonkhano. Mu Novembala chaka chimenecho dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ndalama zawo zoposa 4 thiliyoni. Buledi mmodzi anafika pa mabiliyoni 200. Ife kuno timakudziwa kuwawa kwa ndalama ikagwa mphamvu, koma izi zinali zina, abale.

Munthu wanjala amamvera aliyense wolonjeza nsima. Usiku wa pa 8 Novembala 1923, mkulu wina wolongolola dzina lake Adolf Hitler analowa m'holo yomweramo mowa ku Munich momwe akuluakulu a boma la chigawo ankachititsa msonkhano. Anaombera mfuti kudenga n'kunena kuti boma lagwa. Kutacha pa 9, iye ndi anthu ake ngati 2,000 anayamba kuguba kulowera pakati pa mzinda. Apolisi anawatchingira njira, zipolopolo zinalira, ndipo kumbali ya oguba kunafa anthu 16, apolisi 4. Hitler analiyatsa liwiro, koma anamugwira patapita masiku awiri.

Apa ndiye panalakwika. Mlandu unali woukira boma, koma oweruza ankamumvera chisoni. Anamulola kusandutsa khoti kukhala bwalo la msonkhano wa chipani, nyuzipepala zikulemba zonse. Anamugamula zaka 5, koma m'ndende ya Landsberg anangokhalamo miyezi yowerengeka, akulandira alendo ndi kulemba buku lake lija la Mein Kampf. Pofika Disembala 1924 anali ali panja. Akuluakulu anati kupha njoka n'kudula mutu. Iwo anangoiponda kumchira.

Ndipo kundendeko anaphunzira nzeru yoopsa: kulowera pawindo n'kwa chiyani pamene khomo lili pululu? Anasiya zolanda boma ndi mfuti n'kuyamba kupempha mabvoti. Sanapezepo theka la mabvoti pa chisankho chaufulu, koma pa 30 Januwale 1933 andale ena anamupatsa mpando wa nduna yaikulu poganiza kuti adzamumanga chingwe m'mphuno. Pofika Julaye chaka chomwecho zipani zina zonse zinali zitaletsedwa. Demokalase ya zaka 14 inatha miyezi isanakwane 6. Mwamva bwino pamenepo?

Tsopano tifike pa 1938, pomwe ngakhale cholembera chimanjenjemera. Pa 7 Novembala mnyamata wachiyuda wa zaka 17, Herschel Grynszpan, atamva kuti makolo ake athamangitsidwa ku Germany n'kukatayidwa m'malire a Poland, anaombera mkulu wina wa ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Paris, Ernst vom Rath. Mkuluyo anamwalira pa 9 Novembala, tsiku lomwe akuluakulu a chipani cha Nazi anali atasonkhana ku Munich kukumbukira kuguba kwawo kwa 1923 kuja. Joseph Goebbels, nduna ya zofalitsa nkhani, analankhula mawu omwe aliyense anamva tanthauzo lake: anyamata achipani achite zomwe akufuna, boma silidzawaletsa.

Usiku umenewo masunagoge oposa 1,000 anatenthedwa kapena kuphwanyidwa. Masitolo a Ayuda ngati 7,500 anaswedwa, magalasi ali mbwee m'misewu, n'chifukwa chake usikuwu amautcha Kristallnacht. Ozimitsa moto anabwera ndithu, koma kudzateteza nyumba zoyandikana nazo basi. Amuna achiyuda ngati 30,000 anawatengera ku ndende za Dachau, Buchenwald ndi Sachsenhausen. Chipani chinati ofa anali 91, koma ofufuza mbiri amati anali mazanamazana. Ndiye tamverani izi: boma linalamula Ayuda omwewo, oonongeredwa katunduwo, kuti alipire chindapusa cha 1 biliyoni. Wakuotchera nyumba, n'kukulipiritsanso machesi! Pomwe nkhondo yachiwiri imatha mu 1945, Ayuda ngati 6 miliyoni anali ataphedwa.

Nkhondo itatha dzikolo linang'ambidwa pawiri, ndipo kuyambira pa 13 Ogasiti 1961 boma la chikomyunizimu la kum'mawa linamanga khoma lozungulira West Berlin, lotalika makilomita ngati 155. Kawirikawiri mpanda timamanga kuti akuba asalowe. Uwu unali woti eni nyumba asatuluke. Anthu osachepera 140 anafera pa khomali.

Mu 1989 mantha anayamba kutha. Ku Leipzig pa 9 Okutobala anthu 70,000 anaguba mwamtendere, asilikali osaomba. Madzulo a pa 9 Novembala mneneri wa chipani cholamula, Günter Schabowski, anapatsidwa kapepala konena za malamulo atsopano a maulendo, koma sanali nawo pa zokambirana zake. Atolankhani atamufunsa kuti ziyamba liti, anafufuzafufuza m'mapepala ake n'kuyankha kuti monga akudziwira iye, nthawi yomweyo. Chonsecho zimayenera kuyamba tsiku lotsatira, komanso mwa dongosolo. Anthu atamva pa wailesi ya kanema anakhamukira ku zipata. Pa chipata cha Bornholmer Strasse, mkulu wa alonda Harald Jäger anaimbira mafoni akuluakulu ake, osapeza womuuza zomveka. Nthawi itayandikira pakati pa usiku anangotsegula. Khoma la zaka 28 linatha mphamvu usiku umodzi, popanda chipolopolo.

Fumbi la khoma limenelo linafika mpaka kuno, musaiwale. Nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha, maiko a azungu analibenso chifukwa chosisitira maboma a chipani chimodzi pongoti amadana ndi chikomyunizimu. Ku Zambia a Kaunda anagwa pa chisankho mu 1991. Kuno maepiskopi anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, a Chakufwa Chihana anamangidwa mu Epulo, ndipo mu Meyi maiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lina. Pa 14 Juni 1993 tinasankha nyali kusiya tambala wakuda. Kulimba mtima kunali kwathu, inde, koma mphepo inali itatembenukira ku Berlin.

Ena anganene kuti tsikuli lili ndi mankhwala. Ayi, kalendala salodza. Za 1938 zinagwera pa 9 chifukwa eni chipani anali pamodzi kukumbukira 1923. Hitler naye ankadyera pa chidani cha 1918, n'kumanena kuti omwe anathetsa ufumu ndi nkhondo anali zigawenga zogulitsa dziko. Chingwe chake n'chimodzi, ndipo ochiluka ndi anthu. Za 1989 zokha ndiye zinangogwerapo mwangozi. Ajeremani atagwirizananso mu 1990 anasankha 3 Okutobala kukhala tsiku la fuko lawo, osati 9 Novembala, poona kuti sungabvine pa tsiku lomwe mnansi wako akulira maliro.

Nditamaliza, mphwanga uja anakhala chete kanthawi. Kenaka anafunsa, "Koma amalume, usiku wa 1938 uja, anthu oyandikana nawo nyumba anali kuti?"

Funso limeneli silibwera pa mayeso, koma ndi lomwe landisowetsa tulo. Owerengeka anathandiza. Ena anatolako katundu. Ambiri anaima m'mawindo ndi m'mbali mwa msewu kuonerera, n'kumati si zathu izi. Patangotha zaka zochepa ana awo omwe anali kufera ku nkhondo, mizinda yawo ili phulusa lokhalokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho mukaona anyamata achipani, kaya ndi chipani chiti, akuthyola galimoto ya munthu apolisi akuyang'ana kumbali, musamati n'zandale. Mukamva mtsogoleri akuloza mtundu wina kuti ndiwo wabweretsa mabvuto, musamaombe m'manja chifukwa choti mtunduwo si wanu. Schabowski anangolakwitsa kuwerenga kapepala, koma pakanapanda khamu lija pa chipata, m'mawa mwake akanangopepesa khoma lili chiimire.

Mphwanga wati tsikuli saliiwala. Kaya inu.