Mawu Awiri a ku Social Welfare

Kuno kwa Nkomeshya, maina a olandira ndalama za Social Cash Transfer akangowerengedwa, madandaulo sachedwa kumveka pachitsime ndi kuchigayo: "Nanga ife si osauka?" Funsoli sitingalinyoze, pakuti chilala chikagwa, monga chija cha 2024, njala siisankha khomo. Komabe a Social Welfare ali ndi mawu awoawo, ndipo wosawadziwa amakwiyira mnansi wake pachabe.

Thandizoli linayamba moyesera ku Kalomo mu 2003. Kuyambira pamenepo silinalunjike pa wosauka aliyense, koma pa banja losatha kudzithandiza, ndiko kuti lopanda munthu wa mphamvu zogwira khasu. Mlimi wathanzi amene chimanga chake chapserera ndi wosauka chaka chino, koma manja ali nawo, ndipo mvula ikabwera adzadzuka. Agogo osaona amene akulera adzukulu anayi, mvula ingagwe bwanji, khasu sadzaligwiranso. N'chifukwa chake pamndandanda pamalowa okalamba, olumala kwambiri, odwala matenda okhalitsa, ana odzilera okha, ndiponso amayi olera okha ana atatu kapena kuposerapo. Mlimi uja wake ndi thandizo la pangozi, lomwe limatha ngoziyo ikadutsa. Sitikunena kuti a komiti ya m'mudzi sakondera. Ndi anthu, ndipo ali ndi abale. Koma tisanawatchule akuba, tiyambe tafunsa kuti muyeso wake ndi uti. Ngati agogo aja asiyidwadi, titengere nkhaniyo ku ofesi ya Social Welfare ku Chongwe, m'malo mong'ung'udza pamowa.

Mawu achiwiri ndi akuti "mwana". Ife tinakula tikudziwa kuti mtsikana akatha msinkhu ndi kulangizidwa, wakula. Lamulo loteteza ana la 2022 silitero: mwana ndi aliyense wosapitirira zaka 18, ngakhale thupi lake likhale la munthu wamkulu. Mu 2023 lamulo la maukwati linakonzedwanso, kotero kuti ukwati wa mwana suwerengedwa kuti ndi ukwati, ngakhale ankhoswe agwirizane ndipo malowolo aperekedwe. Amfumu aakulu Nkomeshya Mukamambo II adzudzula maukwati otere kambirimbiri. Motero a Social Welfare akafika pakhomo kudzafunsa za mtsikana wa zaka 15 amene wakwatiwa, sadzasokoneza banja la munthu. M'mabuku mwawo, ameneyo ndi mwana amene ayenera kubwerera kusukulu.